Mtengo wa Sopo wa Nermin

Ku Ayvalık mphepo ya Disembala
imalowa ndi mchere wake pansi pa chitseko.
Nermin wakhala patebulo, pensulo kukamwa,
mitanda ya sopo ili ndandanda pathandala,
ikuuma, ikununkhira azitona.

Uthenga wa Şükrü, mwini sitolo ku Izmir, ndi waufupi:
Ndikufuna mitanda mazana awiri.
Mundipikulitsa pa zingati?

Pa zingati.
Zaka zisanu ndi chimodzi pamsika wa Lachinayi
sanakumanepo ndi funso lolemera chonchi.
Kumsika amangoti malira makumi asanu,
wogula n'kunenerera, iye n'kuseka,
n'kuponyamo kachidutswa ka basera.
Koma wasitolo safuna kuseka, afuna theka,
kuti naye adyepo
akalipira lendi, magetsi ndi mtsikana wapakauntala.
Theka la makumi asanu.

Pensulo yatsika papepala.
Mafuta a azitona, khumi ndi asanu ndi atatu.
Soda, awiri.
Pepala lokulungira, ulusi wofiira, chidindo, anayi.
Gasi, atatu.
Dizilo wa galimoto ya mlamu wake Cevdet,
amene amati musavutike
koma amawerenga makilomita ndi milomo, atatu.
Makumi atatu.

Wayang'ananso. Makumi atatu.
Akapikulitsa pa makumi awiri ndi asanu
ndiye kuti mtanda uliwonse ukutuluka pakhomo
utanyamula asanu a m'thumba mwake,
ngati mwana wopita kusukulu.

Apa m'pamene waona manja ake.
Chipsera cha soda pa chala chamkombaphala,
zikhadabo zosweka,
dzanja lamanja lomwe silitsekanso botolo m'mawa.
Pamndandanda palibe manja.
Zaka zonsezi manja ankagwira ganyu yaulere
kwa bwana amene ndi iye mwini.
Walemba: manja, asanu.
Wafufuta.
Walemba: manja, khumi.
Manyazi amugwira ngati waba.

Panja pali mtengo umene anadzala bambo ake,
wokhota, wamakwinya,
unatenga zaka khumi usanabale.
Mtengo wa panja sufulumira.
Mtengo wa papepalawu ukufunika mawa,
ndipo nawo ukapanda mizu
mphepo yoyamba idzauzula.

Makumi anayi, ndiye kungobweza mpamba.
Phindu, khumi,
poti chitini cha mafuta chimakwera mtengo
chili chikhalire m'nyumba ya wogulitsa,
ndipo ndalama ya dziko lino
imasungunuka kuposa sopo woiwalidwa m'madzi.
Makumi asanu kupikulitsa.
Zana limodzi pashelefu ya Şükrü.

Ndiye Lachinayi?
Sangagulitse makumi asanu pamsika
sopo yemweyo ali zana m'sitolo.
Kumeneko n'kudula nthambi imene wakhalira mnzako.
Nawo mtengo wa pamsika uyenera kukwera.
Wakumbuka mayi Gülizar,
amene amabwera ndi makobidi m'kampango
n'kumawerenga limodzilimodzi.
Pambali pa pepala walemba tizilembo tating'ono:
zidutswa zokhota, zam'mphepete,
za Gülizar, mtengo wakale.

M'mawa waimba foni ataimirira.
Makumi asanu, watero.
Osachepera mitanda makumi anayi pa oda imodzi.
Theka la ndalama lero, lotsala pasanathe milungu iwiri.
Mawu atuluka owuma, osakhala ake.

Kumbali inayo zii.
Kukumveka supuni ikuzungulira m'kagalasi ka tiyi.
Lilime lake layamba kale kupinda,
likufuna kunena kuti komabe tikhoza kukambirana.
Waliluma.
Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Wa ku Edremit amandipatsa pa makumi atatu, watero Şükrü.
Muguleni wa ku Edremit, wayankha,
mawondo akugundana pansi pa epuloni.

Supuni yaleka.
Tumizani makumi asanu ndi limodzi, tione ngati ayenda.

Si mazana awiri.
Nermin wayika foni pansi,
wadzola mafuta pachipsera chija,
wayamba kudula ulusi wofiira.