Kope la Ngongole

Ndimamata machubu m'munsi mwa phiri la Chowe,
pamene msewu wa ku Namwera umayamba kudzipinda.
Chuma changa ndi beseni la madzi, pampu, guluu
ndi kope limodzi lothimbirira.

Kopelo ndinagulira ngongole.
Masamba oyamba akadali ndi akabaza osalipira.
Kuyambira tsamba lachisanu
muli ena, oti sindingawalonjerere.

Pokhota pa mtengo wa mbawa: zisanu ndi ziwiri.
Yomaliza inali lole ya chimanga,
fungo la mabuleki linafika kuno iyo isanaoneke.
Pakamlatho kopanda zotchinga: zinayi.
Pasukulu sindilemba nambala.
Ndinalemba Mwanaisha, sitandade fili,
ndi silipasi yake yotsala pamzere woyera
itayang'ana kwawo.

Anthu amati pokhotapo pali chiwanda chomwa magazi.
Ine chiwandacho ndinachiona masana.
Ndi chikwangwani chozulidwa usiku,
lero ndi mbaula ya wina, akuotcherapo chinangwa.
Ndi njinga yamoto: anthu anayi, mbuzi,
dzanja limodzi lili pafoni.
Ndi tayala losalala ngati dazi
limene Che Alabi anabwera nalo Lachinayi lina,
amvekere, mata basi, latsopano tigula pobwera.

Ndinamata.
Ndalama ndinalandira.
Dzina lake lili patsamba lachisanu ndi chitatu,
ndipo cholembera chinakana kawiri.

Mwezi watha kunaima galimoto ya boma.
Kunatsika mtsikana wa chovala chonyezimira,
tepi yoyezera m'manja, Ulemu dzina lake.
Bambo, malo oopsa kuno ndi ati?
Mapepala athu akuti ndi awiri.

Ndinati, mwanangu, kuno timaika dzuwa lisanalowe.
Maliro amafika kumanda
lipoti lisanapeze thiransipoti ya ku boma.
Ndinamupatsa kope.
Anayamba kuwerenga ataimirira,
kenako anakhala patayala osapukuta.

Tinayenda naye mpaka pamwamba.
Ndinamuonetsa magalasi osweka m'ngalande,
khungwa la mbawa losupuka msinkhu wa bampala,
nthambi zouma zimene timayala pamsewu
pochenjeza obwera m'mbuyo.
Paliponse pamene ndaima, iye amathira penti yachikasu.
Chitini chinatha tisanamalize.

Akuti mahampu abwera, ndi zitsulo za m'mbali,
ndalama zikavomerezedwa.
Sindinamutsutse. Mvula nayo amailonjeza.

Pakadali pano Loweruka lililonse
ine ndi Sumani timapaka laimu miyala ya pokhota,
yoyera mbee, kuti nyali ziipeze msanga.
Tayala lotha ndimalibweza,
ena amanditukwana, napita kwa mnzanga kutsogoloko.

Usiku sindigona tulo tonse.
Khutu limakhala kuphiri,
kuwerenga magiya a lole yotsika:
yachitatu, yachiwiri,
chonde, yachiwiri.

M'kopemu mwatsala masamba asanu ndi anayi.
Ndikufuna ndidzalembemo ngongole.