Mgwalangwa wa ku Ulongwe

Mbewu zinali zinayi, zouma gwa ngati miyala.
Ndinazigula mu Tete kwa mnyamata wa malambe,
iye n'kumaseka: Bambo, mukatafuna ndi mano ati?
Ndinazikulunga m'sokosi.
Galimoto itakhota pa Musakama n'kuyamba chikweza
makutu ananditseka, thukuta linauma pamsana,
ndinazifumbata ngati zingamve mphepo.

Kuno ndi kwa kachewere ndi mapichesi.
Juni akafika, madzi a m'ndowa amaluma zala,
udzu wa kudambo umadzuka utayera mbuu.
Mgwalangwa sudziwa zimenezo.
Kwawo ndi kuchigwa,
kumene mbuzi zimathawira dzuwa kunsi kwa malole
ndipo mchenga wa Zambezi umawotcha kudutsa patapata.

Ilidiya nayenso kwawo ndi komweko, ku Boroma.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ali kuno
koma amagonabe ndi majuzi awiri.
Tsiku lina akusankha nyemba anangoti:
Kuno kulibe mlaza.
Kwathu mwana asanagule mano amakhala ataluka kale chipewa.
Sanapemphe kanthu.
Ine ndinamva pempho.

Ndinazipala ndi tupa, ndinaziviika sabata yathunthu,
mchenga wa kumtsinje ndinausakaniza ndi manyowa a khola lakale,
ndinakumba mozama pangodya ya nyumba ya pulasitiki
mmene ndimafesa tomato.
Kenako zii.
Mwezi, miyezi itatu, isanu.
A Chimbalanga akasuzumira pakhomo ankafunsa:
Kodi miyala yanu ija yamera?

Imodzi anafukula makoswe.
Ina inawola, ndinaithirira mopitirira.
Yachitatu ndinaipha ndekha:
mtima utandithamanga ndinakumba kuti ndione,
khasu n'kudula muzu woyera, wautali ngati mkono,
umene unkatsika mwakachetechete nthawi yonseyi
ine ndikuyang'ana pamwamba.

Yachinayi ndinaisiya, mwina chifukwa cha manyazi.
Mwezi wachisanu ndi chitatu inatulutsa tsamba limodzi,
losongoka, lolimba,
loti mwana wotumidwa kukazula udzu akanalizula.

Usiku wa chisanu ndinkadzuka tambala asanalire,
makala pambaula, masaka a feteleza m'mphepete,
kuima potero ngati mlonda wa sitolo yopanda katundu.
Chaka ndi chaka tomato ankachepa mzere umodzi.
Ndalama ya mzerewo ndikuidziwa. Sindinaiuze munthu.

Tsopano zapita zaka zisanu ndi zinayi.
Denga ndakweza kawiri.
Minga ya m'mapesi ake yang'amba pulasitiki patatu,
ndamata, yang'ambanso,
masamba apindika pamwamba
ngati munthu wamtali m'minibasi.

Dzulo ndikuyeza milimo ya denga lachitatu
Ilidiya analowa, nakhala pachitini,
navula juzi imodzi, kenako inayo.
Anadula tsamba lanthete, naling'amba ndi chala chachikulu,
nayesa kuluka.
Zala zinasochera. Anamasula, nayambanso.
Chimene chinatuluka si chipewa, si dengu,
kanthu kopotoka kokwana pachikhatho.
Anakayang'ana nthawi yaitali, naseka mpaka kutsokomola.

Ndiye anati: Jerevaziyo, misomali imeneyo sunga.
Chotsa denga.
Ndinati: Meyi ndi uyu, chisanu chili pakhomo.
Anati: Ine nditabwera kuno,
ndani anandifunditsa pulasitiki?

Ndinachotsa chinsalu chimodzi chokha, cha kumwamba kwake.
Masamba anadzitambasula pang'onopang'ono, akulira phwaa,
ngati ambulera yakale.
Usiku sindinagone.
Mbaula ndinaiyatsa, ndinaizimitsa, ndinakhala pakhonde.

M'mawa uno nsonga zitatu zapsa, zafiira.
Ndapisa dzanja pakati pa minga mpaka pamtima pake,
pomwe tsamba latsopano limatulukira.
Mpobiriwira, mpolimba.
Dzanja latuluka ndi magazi pang'ono.

Kanthu kopotoka kaja kali pawindo,
Ilidiya waikamo machesi.
Juni sanafike.