Zimkuzamawu za pa Kaphatenga

Nkhaniyo inandipeza ndikulumikiza waya.
Wailesi inati kutali, kuseri kwa nyanja zamchere,
wolamulira wina amene sadziwa mzere wovotera
waphulitsa bomba la nyukiliya pansi pa phiri
kungofuna kuona ngati likugwira ntchito.
Twaibu, mnyamata wanga, anafunsa:
"Phirilo linali la ndani?"
Ndinamuuza agwire bwino pulayala.

Ine ndimabwereketsa zimkuzamawu.
Ukwati, maliro, msonkhano wa chipani,
jenereta ndi yomweyo,
mafuta mugule nokha.

Chisankho chachibwereza chinali chitatsala masabata atatu.

Lachitatu anandibwereka a Gwedemula.
Anakwera pa lole, tayi ikuuluka,
nakuwa m'chuma changa:
"Mwamva? Dziko lagwedezeka!
Nthawi ngati ino susintha dalaivala
galimoto ili pakati pa mlatho!"
Anthu anaomba m'manja.
Ena mwa iwo anali atavula nsapato m'mawa womwewo
kuwoloka pamene mlatho wathu unali kale.

Loweruka anabwera mayi Nabengo,
maikolofoni yomweyo, isanaume n'komwe malovu.
"Afunseni aja, bwanji akhala chete?
Kapena amadyera mbale imodzi ndi mwini bomba?"
Nthungululu zinang'amba sipika yakumanzere.

Lolemba shuga anakwera kwa Mdala Pilo.
Ndinafunsa chifukwa.
"Bomba lija," anatero, osakweza mutu pa kabuku ka ngongole.
Wa kabaza nayenso: bomba lija.
Mlamu wanga wosabweza njinga chibwerekereni: bomba lija.

Koma chimene chikundisowetsa tulo n'china.
Pa msonkhano wachitatu, nthawi ya mafunso,
anaimirira a Chikaonda, mlimi wa thonje wa ku Khombedza,
chipewa m'manja, risiti yopindapinda m'thumba la malaya.
Anati, "Pepani, zabombazo tamva.
Nanga ndalama za thonje lathu la chaka chatha..."
Mnyamata wa magalasi akuda anandiyang'ana,
natsitsa chikhatho pang'onopang'ono
ngati akugoneka mwana.

Ndinapotoza kabatani.
Ndine, chala changa ichi.
Milomo ya a Chikaonda inapitiriza kuyenda
ngati ya nsomba mu beseni,
kenako nyimbo ya chipani inawakwirira.

Usiku, pa kanema wa ku sitolo ya Pilo,
anaonetsa anthu a dziko lija
ataima m'mizere yowongoka ngati ya fodya,
akuomba m'manja mofanana, osaphonya,
pamwamba pawo pali zimkuzamawu zazikulu
zoti ine sindingagule ngakhale nditagulitsa nyumba.

Ndinaganiza za mnzanga wa kumeneko,
amene amakwera mitengo kumangirira mawaya.
Kodi naye ali ndi Twaibu wake wofunsafunsa?
Kodi amamulipira?
Kodi anayamba bwanji, tsiku loyamba lija,
ndani anamutsitsira chikhatho?

Phulusa la bombalo silinafike kuno.
Mango akupsa monga mwa nthawi zonse,
minibasi zikuimabe pa rodibuloko.

A Gwedemula sanandilipire.
Mayi Nabengo anapereka theka ndi nsalu ya chipani.
Dzulo ndinakumana ndi a Chikaonda pa chigayo,
anandipatsa moni ndi manja awiri,
nafunsa ngati makina anga anachira,
poti tsiku lija, akuti, anaoneka ngati akuvuta.

Ndinati eya, bambo.
Anali waya chabe.