Basi ya ku Lalomanu

Zaka makumi awiri ndi zitatu pampando umodzi,
kuchoka mu Apia kukafika ku Lalomanu,
basi yanga yamatabwa, yojambulidwa maluwa m'mbali.
Ikadzaza, anthu amangokhalana pamiyendo, sitisiya munthu pamsewu.
Wofuna kutsika amagogoda ndi kandalama kachitsulo,
ine n'kuima.

Mpando uja unandiona ndikutambasuka,
lamba akusamuka bowo ndi bowo
mpaka ndinachita kuboola ena ndi msomali wamoto.
Chiwongolero chinayamba kundikhula pamchombo.
Kutchalitchi ankati, Pelenato, zako zikuyenda!
Nane n'kumaseka,
michira ya nkhukundembo ili m'mbale,
nyama ya m'chitini, nthiti zonona za nkhosa zobwera pasitima,
botolo la zotsekemera litatsamira pagiya.

Kenako ludzu.
Ludzu loti ungamwe mpopi wonse, kukhosi n'kukhalabe gwa.
Usiku kudzuka kasanu kukataya madzi.
Kachilonda ka kuphazi, pamene ndinaponda chigoba cha nkhono,
mwezi wathunthu kali tong'o, osapola.
Tsiku lina chikwangwani cha ku Falefa chinasungunuka m'maso mwanga
ndili ndi miyoyo makumi anayi kumbuyo.

Namwino Siniva sanandikalipire.
Anandibaya chala, anaona nambala, anausa moyo,
nati: Bambo, ndinu dalaivala, izi mumva.
Shuga ndi okwera, magazi ndi msewu.
Aliyense ali ndi kwawo,
wina mumnofu wa ntchafu, wina m'chiwindi.
Kapamba amatuma insulini, kondakitala wake,
kukagogoda pakhomo lililonse kuti mlendo alowe.
Koma mafuta akachuluka, makamaka awa a pamimbawa,
sakhala duu ngati thumba la simenti.
Amachucha, amalowerera m'chiwindi ndi m'minofu,
zitseko n'kutupa ngati thabwa lovumbwa ndi mvula.
Kondakitala agogoda, kuli zii.
Kapamba atuma wachiwiri, wachitatu, wakhumi,
zaka zikupita, inu osadziwa kanthu,
mpaka atatheratu mphamvu.
Okwera satsika. Basi ingozungulira ili yodzaza,
minofu ikulira njala chakudya chili pakhonde.

Ndinakumbuka azakhali anga a Fetuao,
aja tinawanyamula pampando kupita nawo kuukwati wa mwana wawo,
nsalu itapindidwa pamene panali bondo.
Tinkati ndi tsoka chabe.

Ndinafunsa: ndiye kwatha?
Iye anati ayi, thabwa likauma chitseko chimayambanso kugwedera.
Musataye thupi lonse, ingoyambani ndi makilo ochepa,
ndipo muziyenda, mnofu ukamagwira ntchito umatsegula wokha.

Tsono m'bandakucha ndimayenda pakhoma lotchinga nyanja,
mpweya ukuchita kupereŵera, agalu akundidabwa.
Kuyendako sikuvuta kwenikweni.
Chovuta ndi Lamulungu masana,
mlamu wanga akandiikira mbale yachiŵiri
ndipo kukana kumamveka ngati kutukwana.
Ndaphunzira kunena kuti ndakhuta, maso ali pansi.
Masiku ena ndimalephera, ndisaname.
Ndimadya, n'kubwerera kunyumba ndili chete,
mkazi wanga Lagi osanena kanthu,
mawa lake andiwiritsira nsomba ndi nthochi zaziwisi.

Makilo asanu ndi limodzi apita.
Lamba wabwerera bowo limodzi, la msomali lija.
Nambala yatsika, koma osati mmene Siniva akufunira,
mapiritsi ndimamwabe m'mawa ndi madzulo.

Dzulo cha ku Saleapaga mayi wina anagogoda ndi kandalama,
ine ndinaima msanga kuposa kale.
Ndinamuyang'ana akutsika ndi dengu lake,
akudutsa pakapinga, akulowa m'nyumba zathu zija
za nsanamira ndi denga basi,
zopanda khoma, zopanda chitseko.
Palibe amene anachita kumutsegulira.
Ndinakhala ndikuyang'anabe
mpaka wina kumbuyo anakuwa kuti,
a dalaivala, kodi tigona pano?