Mawu Atatu Oyamba ndi Dia

Bambo anga, a Thrasivulo, ankakonza mawotchi
m'kashopu kopanikizika pakati pa nyumba zosungira fodya ku Kavala.
Mawu nawo ankawatero:
kuwatsegula kumsana ndi nsonga ya kampeni
kuti aone chimene chikugunda m'kati.

Tsiku lina ndinachoka kusukulu misozi ili chuchuchu.
Ndimati ndinene diavazo, ndikuwerenga,
lilime linaterereka, ndinati diavolo,
aphunzitsi n'kudzilemba mtanda katatu.
Bambo anaseka mpaka kagalasi ka kudiso kanagwa.
Evanthia, sunaphonye patali, anatero.
Onsewo amayamba ndi dia, kuoloka.
Wowerenga amaolotsa maso pa tsamba.
Diavolo ndi woponya:
amatola mawu kuno n'kuwagenda kutsidya
kuti akagwe pakati pa anthu awiri okondana.
Nyanga ndi mchira anachita kumuveka ojambula.
Dzinalo likungoti wamiseche, basi.

Kenaka anandionetsa mnzake wa mawuwo, simvolo,
kuponya pamodzi.
Kalelo, akuti, abwenzi posiyana ankaswa phale,
aliyense n'kusunga chibenthu chake,
kuti ana awo, akadzakumana, adzalumikize.
Muzu ndi umodzi, mwana wanga.
Dzanja limene limamwaza ndi lomwelo limene limatuta.

Kuyambira pamenepo ndinkawabweretsera maina
ngati mphaka wobwera ndi mbewa pakhomo.
Satana? Uyo ndi wachihebri, woneneza,
amene amaima m'bwalo la milandu atanyamula mapepala ako.
Velzevuli? Mbuye wa ntchentche;
pita kumsika wa nsomba masana ukaone ufumu wake.
Eosforo? Wonyamula m'bandakucha,
nthanda yomweyo imene asodzi amaidikira kuti abwerere kwawo.
Nanga demona? Apa anakhala chete pang'ono.
Tsegula evdemonia, chimwemwe chathu, umupeza ali phee m'katimo.
Anali mzimu woperekeza munthu,
asanamuthamangitse kumka naye kumdima.

Mayi sankazikonda izi.
Mukumuitana, ankatero, akuwaza mchere pakhomo.

Anabweradi, chaka chimene asilikali ankalamulira.
Sananunkhe sulufule.
Inali kalata yopanda dzina,
yoti wokonza mawotchi amamvera wailesi yoletsedwa usiku.
Miyezi isanu ndi iwiri sitinawaone.
Atatuluka, manja anali kunjenjemera,
osathanso kugwira kazitsulo kakang'ono ngati tsitsi.
Tinadzadziwa mochedwa kuti analemba ndi a Menelao ometa tsitsi,
onunkhira mandimu,
amene ankandipatsa masiwiti Loweruka lililonse
ndipo ankayimba bwino kutchalitchi kuposa onse.

Dia wachitatu ndinamuphunzira pa siteshoni.
Diavatirio, pasipoti, chiphaso choolokera.
Ankapita ku Stuttgart kukasesa m'fakitale.
Sitima isanalire, anatulutsa kambale ka khofi m'thumba la jekete,
n'kukamenyetsa pa benchi, phwa!
Chibenthu chimodzi kwa ine, china m'thumba mwawo.
Sananene kanthu. Ndinali nditaphunzira kale.

Pano ndili ndi zaka zoposa zimene iwo anafika.
Mdzukulu wanga Stamati akagwetsa foni amatukwana diavolo,
ine n'kumufunsa: ndani wakunenera miseche?
Amandiyang'ana ngati ndasokonezeka.

A Menelao anafa ndi ulemu, maliro awo anadzaza msewu.
Ndinapita nawo. Ndinadya tirigu wophika wa pamaliro,
ndipo madzulo ake ndinauza mlongo wanga zonse za mkazi wawo,
zoona ndi zongomva,
mawu akuuluka bwinobwino kuchoka pakamwa panga.
Ndinadzimva pamphumi. Panalibe nyanga.

Chibenthu chija chili m'kabati, pafupi ndi singano.
M'mphepete mwake mukadali mwakuthwa.
Chinzake chili pansi pa dothi la ku Jeremani,
m'thumba la jekete limene anawaika nalo,
ndipo sindinapezebe mawu, m'chilankhulo chilichonse,
a chinthu choponyedwa pamodzi
chimene chinagwera kuwiri.