Batire Lakana

Kanyali kaja sikakuyaka.
Ndazula chaja, ndauzira pabowo, ndalowetsanso.
Ndasintha soketi,
ndabwereka nthambo kwa a Naphiri oyandikana nawo,
batire lili duu!

Chikhalirecho lero magetsi alipo
kuno ku Kawale.

Ku Malangalanga, Malizani wamasula timisomali tinayi,
watiika m'kachitsekero ka botolo,
wanunkhiza, wagogoda ndi chikhadabo,
kenaka wandionetsa batire
lotupa ngati chitumbuwa.

“Lakalamba ili, bwana.
Limalandira, koma silisunga.”

Ndaseka ndekha.
Lipoti likufunika mawa m'mawa,
malipiro anatha mwezi usanafike pakati.

M'minibasi yobwerera, titaima pa mlatho,
ndakumbatira laputopu pachifuwa
ngati mnzanga
amene tikudwala nthenda imodzi.