Mzere Wachiwiri

Khoti linagawa zonse Lachinayi lija:
mbuzi zitatu kwa iwe, njinga yamoto kwa ine,
malata tinawerengerana limodzilimodzi
ngati anthu ongokumana pamsika wa Kasungu.
Ngakhale wailesi yakufa ija inapeza mwini.
Koma woweruza sanafunse
kuti matenda ako a shuga apita kwa yani.

Lero Mai Chimphonda a mu ofesi ya esiteti
andiyalira fomu patebulo.
Akuti, “Bambo Kamzimbi, inshuwalansi siidziwa chisoni,
imadziwa mkazi mmodzi basi.
Khwatchani apa, sainani apo.
Mwezi uno ukatha, khadi yawo izizira.”

Dzina lako lili pamzere wachiwiri, Felesiya,
pansi pa langa, pamwamba pa la Tiyanjane.
Ndinalilemba ndekha ndi bolopeni yobwereka
chaka chimene anandikweza kukhala kalaliki,
ndipo usiku umenewo unagona nayo khadiyo kumutu
ngati mwana wogulidwa nsapato.

Pali zimene fomu iyi siidziwa.
Siidziwa kuti kabotolo ka mankhwala ako
kamakhala mumtsuko wonyowa kuseri kwa chitseko
poti magetsi ku Chankhanga ndi mlendo.
Siidziwa kuti umadzibaya pantchafu kusanache,
nkhope utatembenuzira kukhoma
ngati mwendowo ndi wa munthu wina.
Siinalipo tsiku lija unagwa m'chigafa,
fodya ali lendelende pamwamba pako,
ine ndikukupaka shuga wa tiyi m'kamwa ndi chala
uku ndikukuwira dalaivala wa thirakitala.

Usandimve molakwa.
Sindinaiwale zimene unanena pamaso pa ankhoswe,
ngakhale zimene ndinayankha ine.
Tinatukwanana mpaka agalu anatopa kuuwa.
Banja lija linatha, ndipo linayenera kutha.
Koma kuchipatala cha boma umadziwa wekha:
mzere umayamba nyenyezi zisanazime,
ndipo tsiku lina ukafika pawindo
amangokulembera kapepala, “Kaguleni.”
Ugula ndi chiyani? Mbuzi ndi zitatu zokha.

Kunyumba Edinesi ali ndi pakati pa miyezi isanu.
Madzulo alionse, ndisanavule nsapato:
“Khadi yanga ituluka liti?
Kapena ndikaberekere pakhonde
wakale akudyera pamalo panga?”
Sakulakwa.
Ndicho chikundiwawa, sakulakwa.
Mzere ndi umodzi, matupi ndi awiri,
ndipo wachitatu ali m'njira.

Ndanama kuti bolopeni yanga yauma.
Mai Chimphonda atsegula dilowa, andipatsa yawo.
Ndafunsa ngati pali malo a munthu
amene si mkazi wako, si mlongo wako,
koma umadziwa ola limene manja ake amayamba kunjenjemera.
Ayang'ana fomu kutsogolo ndi kumbuyo.
Akuti bokosi lotero palibe.

Ndakhwatcha.
Kamzere kamodzi kowongoka bwino,
zilembo zako zikuonekabe pansi pake
ngati munthu wosuzumira kumpanda.

Panja mphepo ikukokolola fumbi la m'mizere,
phiri la Kasungu lili duu, silinaone kanthu.
Ndatsamira njinga yamoto ija, yanga tsopano,
ndalembera Tiyanjane uthenga pafoni:
“Uwauze amayi ako apite mawa lomwe,
akatenge mankhwala onse amene angaloledwe
khadi isanafe pa sate.”

Foni yalira ndisanalize injini.
Si Tiyanjane. Nambala ija ndinaifufuta
koma mutu unakana kuifufuta.
“Ndinakatenga kale sabata yatha.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ukuyesa sindidziwa tsiku limene dzanja lako limagonja?
Mlembe mnzangayo, asaberekere panjira.”

Ndawerenga kawiri.
Kenaka ndayamba kuwerengetsa malipiro anga pachikhato,
kuti ndione ngati pangatsale ya kabotolo kamodzi pamwezi,
ndi bodza limene ndikanene kunyumba.